Mahatma Gandhi ndi Mbale Yake

Dzina la Mahatma Gandhi si lachilendo kwa ife, pakuti m'phunziro la mbiri yakale tinamva m'mene iye anatsogolera anthu a ku India polimbana ndi ulamuliro wa Angelezi, wopanda mfuti kapena nthungo m'manja. Zimenezo muli nazo kale m'makope mwanu. Ine ndifuna kukusimbirani moyo wa munthu ameneyu poyang'ana m'mbale yake, chifukwa pamene ndinawerenga buku limene iye mwini analemba lonena za moyo wake, ndinazizwa kuona kuti masamba ambiri akamba za njala, za msuzi, ndi za nyumba zodyeramo zimene saphikamo nyama. Tsono ife ogonera pasukulu, amene makutu athu amamva belu la nsima msanga kuposa belu la masamu, nkhani yotere tiyenera kuimvetsa bwino kuposa anthu ena.

Palinso chifukwa china. Pa tebulo lathu m'chipinda chodyera pali mnzathu wina amene sadya nkhumba kapena mlamba chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo wake. Tsiku la nyama iye amayamba wapita ku khichini kukafunsa ophika za nyama imene iri mumphika, ife tiri kumseka kumbuyo. Ndibvomere pano kuti pakati pa osekawo phwete langa ndilo linkamveka patali. M'mene ndinafika pa nkhani ya msuzi wa ku Holborn, imene muimva patsogolopa, ndinamkumbukira mnzathuyo ndipo manyazi anandigwira.

Mohandas Karamchand Gandhi anabadwa pa 2 October 1869 ku Porbandar, mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Gujarat, kumadzulo kwa India. Atate ake, a Karamchand, anali nduna yaikulu ya mfumu ya kumeneko, ndipo pambuyo pake anakagwira nchito yomweyo ku Rajkot. Amai ake, a Putlibai, anali munthu wopembedza kwambiri ndi wozolowera kusala kudya. M'miyezi inai ya dzinja nthawi zina ankalumbira kuti sadya kanthu asanaone dzuwa. Ana ankaima pabwalo maso ali kumwamba, ndipo dzuwa likangosuzumira ankathamanga kukawaitana. Koma potuluka iwo n'kupeza mitambo yaliphimbanso, nabwerera ku nchito zao ndi njala, osadandaula.

Banjali linali la Ahindu osadya nyama, koma dziko la Gujarat ndi kwaonso kwa anthu a chipembedzo cha Jain, ndipo ansembe a Ajaini ankabwera kawirikawiri kudzacheza ndi a Karamchand. Ndiyenera kuima pang'ono pa anthu amenewa, popeza mthunzi wao uli pa mbale ya Gandhi moyo wake wonse. Ajaini amatsata chiphunzitso cha Mahavira, amene anakhala ndi moyo zaka ngati 500 Yesu asanabadwe, m'nyengo imodzi ndi Buddha. Pa kalembera wa mu 2011 anapezeka oposa mamiliyoni 4 m'dziko la India. Lamulo lao lalikulu ndi ahimsa, ndiko kusapweteka chamoyo chiri chonse, chingachepe bwanji. Chotero sadya nyama, nsomba, mazira kapena uchi, ndipo samwa mowa. Sadyanso zomera zimene chakudya chake chiri pansi pa nthaka, monga mbatata, anyezi, adyo ndi kaloti, chifukwa pozikumba chomera chonse chimafa pamodzi ndi tizirombo tambiri ta m'dothi. Madzi amayamba awasefa ndi nsalu. Osunga mwambo sadya dzuwa litalowa, kuopa kumeza tizirombo timene timadza ku nyali. Ansembe ao amasesa pamene afuna kukhala, ndipo ena a iwo amamanga kansalu pakamwa.

Ndayesa kuwerenga zimene Mjaini angadye atabwera kudzacheza kwathu m'mbali mwa Diamphwe. Mbewa zimene timakumba tikakolola, ngumbi za mvula yoyamba, matemba a mumtsinje, kanyenya wa mbuzi wa pa msika wa Mitundu kapena pa Nathenje, zonsezi sangaziyandikire. Mbatata yootcha, chinangwa, kachewere ndi bowa, nazonso ai. Chimtsalira ndi nsima ya nkhwani, khwanya, nandolo kapena nyemba. Koma amai asaikemo anyezi, ndipo aphike dzuwa likali m'mwamba. Za nyemba zina zimene zimafika pa tebulo ndi anankafumbwe ali kusambira pamwamba, ine sindinenapo kanthu.

Mohandas ali mwana wa sukulu anali wamanyazi ndi wamantha, woopa mdima, njoka ndi mizukwa. Anamkwatitsa kwa Kasturba mu 1883 ali ndi zaka 13 zokha. M'masiku omwewo anapalana ubwenzi ndi mnyamata wamphamvu, Sheikh Mehtab, amene anamuuza kuti Angelezi alamulira India chifukwa adya nyama, ndi kuti Amwenye akayamba kuidya adzawapitikitsa. Mohandas anakopeka. Tsiku lina anabisala m'mbali mwa mtsinje nalawa nyama ya mbuzi ndi buledi. Nyamayo inali yolimba ngati chikopa ndipo sanathe kuimaliza. Usiku analota mbuzi yamoyo iri kulira m'mimba mwake. Mnzakeyo sanaleke. Anapangana ndi wophika wamkulu wa nyumba ina ya boma, m'mene munali matebulo ndi mipando, ndipo m'kati mwa chaka chimodzi anadya maphwando otere ngati kasanu ndi kamodzi. Chimene chinamleketsa si kuipa kwa nyama, pakuti anali atayamba kuikonda, koma bodza. Pobwera kunyumba ali wokhuta ankanamiza amai ake kuti m'mimba simuli bwino, ndipo bodza limeneli linamlemera.

Atate ake anamwalira mu 1885. Pamene mkulu wina, bwenzi la banjalo, analangiza kuti mnyamatayu apite ku Mangalande kukaphunzira za malamulo, a Putlibai anakana, popeza anamva kuti anyamata opita kumeneko amatayika ndi nyama ndi mowa. Anakafunsa nzeru kwa Becharji Swami, munthu wa pfuko lao lomwe amene anasanduka wansembe wa Ajaini. Iyeyu ndiye analumbiritsa Mohandas pamaso pa amai ake zinthu zitatu: kuti sadzakhudza nyama, mowa ndi akazi. Pamenepo amai analola. Akulu a pfuko lake ku Bombay sanalole, ndipo anamchotsa mu pfuko chifukwa chofuna kuoloka nyanja. Iye anakwerabe sitima ya pamadzi pa 4 September 1888, asanakwanitse zaka 19.

Njala inayambira m'sitima momwemo. Sankadziwa kugwira mpeni ndi foloko, Chingelezi cha azungu chinkampita pambali, ndipo analibe mtima wofunsa kuti ndi zakudya ziti ziribe nyama. Choncho ankadyera m'kachipinda kake zipatso ndi zotsekemera zimene anatenga kwao. Atafika ku London anagona ku Victoria Hotel, kumene analipira mapaundi 3 koma osadya kanthu kooneka. Kenaka anakakhala mwezi umodzi ku Richmond ndi mnzake wina wa kwao. Mai mwini nyumba anasowa chomuphikira. M'mawa ankampatsa phala la oats, masana ndi madzulo masamba owiritsa opanda zokometsera, ndi buledi wa jamu. Mnyamatayo anali wa mimba yaikulu, koma manyazi ankamletsa kupempha buledi woposa zidutswa ziwiri kapena zitatu. Usiku ankalira pokumbukira kwao. Ali yense wa ife amene akumbukira sabata yake yoyamba mu Fomu 1 adziwa kulira kumeneku. Mnzake uja anayesa njira zonse kuti amdyetse nyama, mpaka kumuwerengera mabuku a anthu anzeru, koma Mohandas analibe choyankha china koma lumbiro lake.

Atasamukira ku West Kensington, mwini nyumba watsopano anamuuza kuti mumzindamo muli nyumba zodyeramo za anthu osadya nyama. Anayamba kuzifuna, kuyenda mamailosi 10 kapena 12 pa tsiku, kulowa m'malo otsika mtengo ndi kudzaza mimba ndi buledi, osakhuta. Tsiku lina anaipeza imodzi cha ku Farringdon Street, yotchedwa Central Restaurant. Pakhomo pake pankagulitsidwa mabuku, ndipo anagula limodzi pa mtengo wa sheleni imodzi, lolembedwa ndi Henry Salt, dzina lake A Plea for Vegetarianism. Analowa, nakhala pansi, nadya mpaka kukhuta koyamba chifikire ku Mangalande. Bukulo analiwerenga lonse. Kufikira tsiku limenelo iye ankasala nyama chifukwa cha amai ake okha, mumtima ali kuyembekeza nthawi imene Amwenye onse adzaidya poyera. Kuyambira pamenepo anaisala mwa kufuna kwake. N'chodabwitsa ndithu kuti mwana wa ku Gujarat anachita kuphunzitsidwa ndi mzungu kukonda mwambo wa kwao.

Tsono nayi nkhani ya msuzi ija. Mnzake wa ku Richmond anaopa kuti Mohandas adzakhala munthu wosadziwa kukhala ndi anthu, ndipo anayesa kotsiriza. Anamuitana kukaonera sewero, koma ayambe adya ku Holborn Restaurant, nyumba yaikulu yonga ya mfumu. Iye anaganiza kuti pakati pa anthu olemekezeka manyazi adzamtseka pakamwa. Choyamba kufika pa tebulo chinali msuzi. Mohandas anauyang'ana, ndipo posafuna kufunsa mnzakeyo anakodola woperekera zakudya. Mnzake anaona, nafunsa chimene chabvuta, ndipo atamva kuti afuna kudziwa ngati msuziwo uli wa masamba okha, anapsa mtima. Anamuuza kuti ngati sangathe kudzisunga atuluke akadye kwina, namdikire panja. Mohandas anatuluka. Pafupi pomwepo panali nyumba yodyeramo ya osadya nyama, koma anapeza atatseka. Usiku umenewo anagona ndi njala, ngakhale ku sewero anapita limodzi, osatchulanso za msuzi. Ine chimene chindikhudza n'chakuti woperekera uja sanapatsidwe ndi mpata womwe woyankha. Funso linali laling'ono ndipo yankho likadatenga kamphindi. Amene anamchititsa manyazi sanali mwini nyumba kapena wanchito, koma mnzake wa pa tebulo.

Pofuna kukondweretsa mnzakeyo m'njira zina, anayesa kusanduka bwana wa Chingelezi. Anagula suti ya mapaundi 10 ku Bond Street, nayamba kuphunzira kubvina, kuimba vayolini ndi kulankhula Chifalansa. Misala imeneyi inatha patapita miyezi ngati itatu. Atakumbukira kuti ndalama zichokera kwa mkulu wake wobvutika, anayamba kulemba kobiri iri yonse, nabwereka kachipinda kamodzi, nagula chitofu chophikirapo phala ndi koko. Nyumba zodyeramo za osadya nyama zinali ndi mbali ziwiri: ina ya opeza bwino, kumene munthu ankasankha yekha nalipira sheleni imodzi kapena awiri, ndi ina ya mapeni 6, kumene ankalandira zakudya za mitundu itatu ndi kachidutswa ka buledi. Iye ankadya ku mbali ya mapeni 6, ndipo tsiku lonse ankaononga sheleni imodzi ndi mapeni 3.

Koma musaganize kuti m'nyumba zimenezi mafunso anatha. Anamva kwa ena kuti dzira si nyama, ndipo kwa masiku owerengeka anadya mazira. Pambuyo pake anaganiza kuti lumbiro liyenera kumasuliridwa monga analimvera amai ake, osati monga alimasulira ophunzira a ku London, ndipo kwa amai akewo dzira linali nyama. Ifenso mkangano wotere tiri nao, pakuti kwathu munthu anganene kuti sanadye nyama mwezi wathunthu pamene dzulo lomwe anadyera usipa. Atasiya mazira anapeza kuti makeke ndi zotsekemera zambiri za m'nyumba za osadya nyama ziri ndi mazira m'kati, kotero kuti anayeneranso kuitana woperekera ndi kufunsa mbale ndi mbale. Ngati Mhindu anabvutika chotero, ganizani za Mjaini, amene ayenera kufunsanso za anyezi, za adyo, za mbatata yosungunukira mu msuzi, kwinaku ali kuyang'ana dzuwa. M'masiku athu ano zinthu zinapepuka: ku India zakudya za m'mapaketi zopanda nyama zimakhala ndi kadontho kobiriwira, nyumba zodyeramo zambiri zimaphika padera za Ajaini, ndipo ngakhale m'ndege munthu akhoza kuitanitsiratu chakudya chao.

Ku Inner Temple, kumene ankaphunzira za malamulo, wophunzira ali yense anayenera kukhala nao pa maphwando a madzulo. Anthu anai ankapatsidwa mabotolo awiri a vinyo, ndipo Gandhi ankalimbiranidwa pa matebulo, si chifukwa cha nkhani zake, koma kuti atatu agawane za anai. Sukulu yake yeniyeni inali ya m'nyumba zodyeramo zija. Kumeneko anadziwana ndi a bungwe la London Vegetarian Society, nasankhidwa kulowa m'komiti yao, nalemba nkhani zake zoyamba m'nyuzi yao, The Vegetarian, imene mkonzi wake anali Josiah Oldfield. Anayambitsanso kabungwe kake ku Bayswater, iye nakhala mlembi. Pamene komiti inafuna kuchotsa Dr Allinson chifukwa cha maganizo ake pa za kulera, Gandhi anaona kuti si chilungamo, ngakhale maganizowo sankagwirizana nao. Analemba mau omteteza, koma mantha anamletsa kuwawerenga, ndipo anachita kumuwerengera wina. Allinson anachotsedwabe. Ali pafupi kubwerera kwao anaitana anzake ku phwando lotsazikana, ndipo malo amene anasankha ndi Holborn Restaurant yomwe ija. Anapangana ndi woyang'anira nyumbayo kuti aphike chakudya chopanda nyama, ndipo anaphikadi, alendo nakondwa. Koma ataimirira kuti alankhule, mau anamthera pa chiganizo choyamba, nangothokoza ndi kukhala pansi.

Analandiridwa kukhala loya pa 10 June 1891, ndipo pa 12 June anakwera sitima. Atafika ku Bombay anamva kuti amai ake anamwalira iye akali ku London, abale nam'bisira. Munthu amene anamlumbirira uja panalibenso, ndipo panalibe womuona, koma nyama sanaikhudze. Masiku omwewo anakumana ndi Mjaini wachiwiri wa m'mbiri yake, Shrimad Rajchandra, wogulitsa miyala ya mtengo wapatali, wolemba ndakatulo, wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri zokha. Gandhi anamuyesa pomutchulira mau ambiri a zinenero za ku Ulaya, ndipo iye anawabwereza onse m'ndondomeko yake. Pamene abwenzi Achikristu ndi Achisilamu ankamkokera uku ndi uku ku South Africa, mu 1894 anatumiza mafunso 27 kwa Rajchandra, ndipo lotsiriza linali lakuti munthu achitenji njoka ikafuna kumluma. Rajchandra anamwalira mu 1901 ali ndi zaka 33, ndipo Gandhi ankamuwerengera pamodzi ndi Tolstoy ndi Ruskin monga anthu atatu amene anaumba moyo wake.

Ku South Africa anapita mu 1893 kukathandiza pa mlandu wa wamalonda wina, Dada Abdulla. Za kutsitsidwa kwake m'sitima pa Pietermaritzburg tonse tidziwa. Zimene zinatsatira n'zimene sizikambidwa kawirikawiri. Ku Johannesburg hotela ina inamuuza kuti malo adzaza. Ku Pretoria anafika usiku wopanda womchingamira, ndipo munthu wakuda wa ku America ndiye anamperekeza ku hotela ya mzungu wina, Johnston. Mwini hotelayo anamlola kugona, koma anati chakudya adyera kuchipinda kuopa kukwiyitsa alendo achizungu. Patapita kanthawi anabwera yekha, napepesa, nanena kuti wafunsa alendowo ndipo palibe wokana, kotero Gandhi anakadya ndi anthu onse. Apa bvuto silinalinso chimene chiri m'mbale, koma khungu la wodyayo.

Mu 1903 anatsegula ofesi ku Johannesburg, kumene agogo athu ankati ku Joni, ndipo ankadya m'nyumba za osadya nyama za kumeneko. Yoyamba, ya Mjeremani wina, inagwa chifukwa chosowa ndalama. Kenaka mai wina wachizungu anafuna kukuza yake, napempha chithandizo. Gandhi anam'bwereka mapaundi 1,000 a munthu wina amene anamsungitsa ndalama, dzina lake Badri, amene kale anali wanchito wa chibalo. Badri analola chifukwa chomkhulupirira, osati chifukwa chodziwa za malondawo. Pasanathe miyezi itatu zinaoneka kuti ndalamazo sizidzabwera, ndipo Gandhi anabweza za m'thumba mwake. Apa loya wathuyu anachita zopusa, ndipo iye mwini anabvomera.

Komabe pa matebulo omwewo anatolapo zoposa mapaundi 1,000. Mu 1904 mliri wa chaola unagwa pakati pa Amwenye ogwira nchito ku migodi, ndipo Gandhi anapita kukadwazika odwala. Albert West, mzungu wosindikiza mabuku amene ankadya naye madzulo, atamsowa pa tebulo anakagogoda pakhomo pake m'mamawa kudzipereka kuti athandize. Gandhi anamtuma ku Durban kukayang'anira makina a nyuzi yake, Indian Opinion, pa malipiro a mapaundi 10 pa mwezi, ndipo West ananyamuka tsiku lotsatira. Wina anali Henry Polak, wolemba nyuzi, amene anatumiza kakhadi ka dzina lake kuchokera pa tebulo lina napempha kucheza naye. Polak ndiye anampatsa pa siteshoni buku la Ruskin, Unto This Last, loti awerenge pa ulendo wa ku Durban. Bukulo linamsowetsa tulo, ndipo chaka chomwecho anagula malo a maekala 100 ku Phoenix kuti iye ndi anzake adzikhala ndi nchito ya manja ao. Ku Tolstoy Farm, kumene anayamba mu 1910, Ahindu, Asilamu, Akristu ndi Aparsi ankadya za khichini imodzi yopanda nyama, ndipo m'mwezi wa Ramadan anyamata Achihindu ankasala nao masana ndi kuperekera anzao Achisilamu chakudya dzuwa litalowa.

Pano ndiyenera kunena chinthu chowawa, pakuti mbiri yobisa zoipa siri mbiri. Munthu amene anadziwa kupweteka kwa kukanizidwa pa tebulo sanafulumire kuona kuti Afirika anali kukanizidwa koposa iye. M'zaka zake zoyamba ku Natal analemba za anthu akuda ndi mau achipongwe, ndipo bungwe lake linadandaula kuti Amwenye alowera khomo limodzi ndi Afirika pa positi ofesi ya ku Durban, mpaka boma linawatsegulira khomo lao. Pamene anamangidwa koyamba mu January 1908, anadandaula kuti Amwenye awaika m'gulu la akaidi akuda ndi kuwapatsa phala la chimanga. Phala limenelo ndilo lathu lomwe timamwa m'mawa uli wonse, ndipo powerenga pamenepa mtima wanga unawawa. N'zoona kuti mu 1906, pa nkhondo ya Bambatha, iye ndi anzake anadwazika Azulu obvulala amene azungu anakana kuwakhudza. Koma anali atapita kumeneko m'yunifolomu ya boma la Natal. N'chifukwa chake mu 2018 anyamata ndi atsikana ena a ku Blantyre anakatenga chiletso ku khoti kuti chifanizo chake chisaimikidwe mumzindamo. Ine sindiwadzudzula. Komanso sindiiwala kuti Kenneth Kaunda wa ku Zambia anatengera kwa Gandhi njira yolimbana popanda chiwawa, ndipo naye analeka nyama pokwiya ndi mabutchala a atsamunda amene ankagulitsa Afirika kudzera pa kazenera.

Gandhi sanakhale Mjaini, ndipo Ajaini sankagwirizana naye pa zonse. Mu 1928 analola kuti mwana wa ng'ombe wodwala kwakayakaya aphedwe kuti aleke kuzunzika, ndipo anthu ambiri a ku Ahmedabad anakwiya. Koma atabwerera ku India mu 1915 analumbira ku Hardwar kuti sadzadya mitundu ya chakudya yoposa isanu pa tsiku, ndi kuti sadzadya kutada, monga achitira Ajaini. Kuuma mtima kwake pa chakudya nthawi zina kunali koopsa. Mwana wake Manilal atadwala kwambiri, dokotala analamula mazira ndi msuzi wa nkhuku, iye nakana. Ku Durban dokotala wina anamwetsa Kasturba msuzi wa ng'ombe mobisa, ndipo Gandhi atamva, nafunsa mkazi wakeyo, anamchotsa m'manja mwa dokotala ali wofooka zedi, napita naye ku Phoenix mvula iri kuwaza. Onse awiri anachira, koma ine ndikadakhala Manilal sindidziwa ngati ndikadawathokoza atate otere. Iye mwini anasiya mkaka mu 1912, koma atadwala kamwazi mu 1918 Kasturba anamkumbutsa kuti polumbira ankaganiza za ng'ombe ndi njati, osati za mbuzi. Anayamba kumwa mkaka wa mbuzi, ngakhale mtima wake sunaleke kumtsutsa kuti wazembera lumbiro.

Zotsalazo ndi za m'makope mwanu: ulendo wa mchere wa mu 1930, mamailosi 240 kuchokera ku Sabarmati mpaka ku Dandi, ndi kusala kudya kumene anasandutsa chida chogwedezera boma ndi kuletsera ndeu za Ahindu ndi Asilamu. Mu 1931 anabweranso ku London kudzakambirana ndi Angelezi za tsogolo la India, atapfunda nsalu yoomba ndi manja m'malo mwa suti ya ku Bond Street. Pa 20 November analankhula ku msonkhano wa London Vegetarian Society, ndipo pambali pake panakhala nkhalamba ya zaka 80, Henry Salt, mwini buku la sheleni imodzi lija. Tsiku limenelo mau sanamthere.

India analandira ufulu pa 15 August 1947. Pa 30 January 1948, ku Birla House mu mzinda wa Delhi, mtsikana wa m'banja lake, Abha, anam'bweretsera chakudya cha madzulo dzuwa likalipo: mkaka wa mbuzi, masamba ophika ndi malalanje. Anadya ali kukambirana ndi Sardar Patel, mpaka nthawi ya mapemphero inapitirira pang'ono. Ali kuyenda kupita kumene anthu anasonkhana, Nathuram Godse anatuluka m'gulu namuombera katatu pa chifuwa. Anamwalira ali ndi zaka 78, patapita zaka 59 chilumbirire pamaso pa amai ake ndi Becharji Swami.